Azakhali Tinawaperekeza Wapansi

Loweruka lapitali kwathu kunabwera mlendo, ndipo atangolowa pachipata anandiitana ndi dzina la munthu wina.

"Lonjezo! Wabwera liti kusukulu, mwana iwe?"

Lonjezo ndi mkulu wanga. Ali ku koleji ku Lilongwe. Ndi wamtali, woyera, ndipo akamaseka anthu a nyumba yachitatu amamva. Ine ndine Thokozire, wamfupi, wakuda ngati abambo, amene aphunzitsi amachita kumuuza kuti akweze mawu. Chibadwire chathu palibe amene anatisokonezapo.

"Ndine Thoko, azakhali."

"Ndikudziwa," anayankha msangamsanga. "Ndimangokuyesa."

Anaseka, inenso ndinaseka, n'kuwalandira chikwama.

Mlendoyo anali aNaphiri, mlongo wawo wamkulu wa abambo. Amakhala ku Simlemba, kumene abambo anabadwira, ndipo amalima fodya okha chimwalirireni amuna awo. Kumeneko amadziwika ndi kusankha fodya. Amakhala pamphasa m'chigafa, masamba ali mulu patsogolo pawo, n'kumaika ili uku, ili uko, lowala palokha, lofiirira palokha, lakuda palokha, uku akucheza. Ndili mwana ndinkayesa kuti akusewera.

Atakhala pansi ndi kulonjerana, anatembenukira kwa abambo. Amawatchula kuti adumbu, monga amachitira anthu a kufupi ndi kumpoto akamaitana mlongo wawo.

"Adumbu, masiku ano simudikiranso alendo kudepoti? Ndachita kukwera kabaza, mnyamata wake wothamanga ngati waba njinga."

"Simunanene kuti mukubwera, achemwali."

"Nanga galimoto ili kuti? Sindinamve fungo lake pabwalo."

Abambo anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana mbale ya mbatata.

"Yatuluka pang'ono," anatero abambo.

Inu amene mumawerenga ndime yangayi sabata ndi sabata mukudziwa kuti galimoto yathu sinatuluke pang'ono. Inatuluka kumayambiriro kwa chaka, ndipo inapita ndi munthu wa ku Dwangwa amene anaigula. Kwa amene mwayamba lero, ndifotokoze mwachidule.

Inali galimoto yakale, yoyera, ya chitseko chimodzi chotsegukira kunja kokha. Abambo ankaikonda. Koma inayamba kukhala masiku ambiri kugalaja kuposa pakhomo, ndipo ikachira, mafuta ankasowa. Loweruka lonse abambo ankathera pamzere pomwetsera mafuta, n'kubwerako khosi litapsa ndi dzuwa, mafuta atathera pa galimoto ya patsogolo pawo. Tsiku lina tikudya anangoti, "Kuntchito kwanga ndi pafupi. Kusukulu kwa Thoko ndi pafupi. Kumsika, kutchalitchi, kuchipatala, konse munthu amafika ndi miyendo. Ine ndiye ndakhala ndikuinyamula galimoto imeneyi, osati iyo kundinyamula. Tiyese kukhala opanda."

Tinayesa, ndipo tikuyesabe. Koma kumudzi abambo sananene.

Musawaseke. Ku Simlemba galimoto imeneyo sinali ya abambo okha. Inali ya mtundu wonse. Inanyamulapo akwati, odwala, matumba a feteleza, ngakhale bokosi la agogo. Anthu ankati, "Tili ndi mwana wathu pa Boma, ali ndi galimoto." Kodi munthu amayamba ndi mawu ati pouza abale ake kuti chimene ankanyadira palibenso?

Ndiye tinamwa tiyi pamwamba pa bodza laling'onolo. Ndipo pa tiyi pomwepo ndi pamene ndinayamba kuona zinthu.

Azakhali anatapa shuga ndi supuni n'kumuthira pambali pa kapu, patebulo. Anatakasa tiyi wopanda shugayo, n'kumwa, osanena kanthu. Pofuna kutenga mbatata, dzanja lawo linayamba lapapasa m'mphepete mwa mbale. Abambo anawapatsa foni kuti aone chithunzi cha Lonjezo ali kukoleji. Azakhali anaigwira mozondotsa, n'kunena kuti, "Wanenepa bwino."

Abambo sanaone chilichonse. Maganizo awo anali pa galimoto imene yatuluka pang'ono, ndi mmene ibwerere dzuwa lisanapendeke.

Ndinatengera makapu kukhitchini. Amayi anandilondola, n'kutseka chitseko.

"Waona?" anandifunsa monong'ona.

"Eya. Maso."

"Alamu anga sanabwere kudzamwa tiyi. Nyengo ino ya okushoni munthu wa fodya sachoka pakhomo popanda chifukwa. Abwera ndi nkhani."

"Bwanji osawafunsa, amayi?"

"Ine? Ndifunse mlongo wa abambo ako kuti kodi mukuona? Andiyankha kuti akuona mpaka nsabwe za m'mutu mwanga. Nkhani imeneyi ndi ya iwo ndi mlongo wawo. Ndipo m'nyumba muno sainena."

Amayi ankanena zoona, ndipo inunso mukudziwa. Kwathu kuno mlendo sanena chimene wabwerera ali pampando. Amafunsa za ana, za mvula, za mitengo ya zinthu. Amadya, amasamba m'manja, amathokoza. Kenako amati, "Ndione msewu." Eni nyumba amadzuka, wina n'kunyamula chikwama, ulendo wa kuperekeza. Mukayenda kamtunda, nyumba itabisika kumbuyo, mlendo amachepetsa liwiro, amatsokomola pang'ono, n'kuyamba kuti, "Komatu chimene ndinabwerera..."

Nkhani za maukwati, za matenda, za mikangano ya malire a minda, zambiri zimanenedwa panjira. Mwina n'chifukwa choti poyenda simuyang'anana m'maso. Mwina n'chifukwa choti mawu olemera amapepuka akamatuluka munthu akuyenda. Ine sindidziwa. Ndimangodziwa kuti azakhali akanakwera minibasi osanena, akanabwerera ku Simlemba kukakhala okha m'nyumba ndi maso akuzima, ndipo sitikanawaonanso mpaka mwina Khirisimasi.

Titadya chamasana, mawu aja anabwera.

"Ndione msewu, adumbu. Minibasi za kwathu zimatha msanga."

Abambo anadzuka mofulumira. "Dikirani pang'ono. Ndikufuna ndione a Jafali."

A Jafali ndi oyandikana nawo nyumba, ali ndi golosale kumsika ndi kagalimoto konyamulira katundu. Ndi munthu wabwino, sakanakana. Abambo anatulukira kukhomo la kuseri, amayi pambuyo pawo. Ine ndinali pakhonde ndikutsuka mbale, ndiye ndinamva zonse, ngakhale ankalankhula motsitsa.

"Abambo ake a Lonjezo, mukupita kuti?"

"Kukabwereka makiyi. Ndiwataye achemwali kudepoti, ndibwere."

"Muwataye?"

"Mukudziwa chimene ndikutanthauza."

"Ndamva chimene mwanena. Mlendo wachokera kutali chonchi, inu mukamutaye ndi galimoto ya eni?"

"Ndiye ndiwayendetse wapansi mayi wamkulu ngati ameneyu? Akanene chiyani kumudzi?"

"Akanena kuti mlongo wawo anawaperekeza."

Abambo anaima dzanja lili pampanda. Amayi sanadikire yankho. Analowa m'nyumba, anamanga chitenje, ananyamula kathumba ka shuga ndi sopo kamene anawakonzera azakhali, n'kunena mokweza kuti, "Alamu, tiyeni tiziyenda pang'onopang'ono, kunja kwazizira bwino. Thoko, tenga chikwama."

Ndi mmene tinanyamukira. Abambo anatipeza tili kale pachipata, nkhope ili gwa.

Ndisananene za panjira, mundilole ndinene chilungamo pa moyo wopanda galimotowu, chifukwa sindifuna muganize kuti ndi wokoma ngati nyimbo.

Ndi wotopetsa. Nthawi ya mvula ndinkafika kusukulu masokosi ali matope, ndipo ndinkakhala kumbuyo kuti asaoneke. Amayi akapita kuchigayo amachita kukambirana ndi akabaza awiri, wina wa thumba, wina wa iwo. Tsiku lina thumba linafika pakhomo iwo asanafike, ndipo tsiku lina iwo anafika thumba litasochera. Ulendo wa kumudzi umene kale unali wa m'mawa umodzi, tsopano ndi wa tsiku lonse, chifukwa minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo kwa kondakitala kudzaza ndi pamene chitseko chakana kutsekeka.

Koma chopweteka kwambiri si miyendo ayi. Ndi pakamwa pa anthu.

Sabata yoyamba kutchalitchi, mayi wina wa chigwirizano anagwira amayi dzanja ndi manja awiri, mutu atapendeketsa, n'kunena kuti, "Pepani ndi zimene zakuonekerani." Amayi anadzidzimuka, kuyesa kuti kumudzi kwagwa zovuta. Mayiyo ankapepesa galimoto.

Anyamata a kabaza a pamphambano pathu nawo sanachedwe. Abambo akamadutsa amaimba mabelu onse pamodzi. "Bwana! Lero dalaivala wanu ndine! Ya kutsogolo yadzaza, khalani kumbuyo!" Abambo amaseka, amawakwezera dzanja. Koma ndimaona mmene amawongolera kolala ya malaya akangowadutsa.

Ndipo ndimadzifunsa. Pa Boma la Kasungu pano anthu ambiri tilibe galimoto. Aphunzitsi anga ambiri alibe. Anamwino amene timakumana nawo m'mawa amayenda wapansi. Nanga manyazi amenewa amachokera kuti? Zikuoneka kuti amene sanakhalepo nayo palibe amamufunsa. Koma amene anali nayo n'kuisiya, ameneyo ndiye wagwa. Palibe amene amakhulupirira kuti munthu angatsike yekha mwa kufuna kwake.

Tibwerere kunjira.

Kuchokera kwathu kupita kudepoti mumayamba ndi kanjira ka fumbi kodutsa pakati pa mipanda, kenako mjigo, kenako mumatulukira kumsika wa kaunjika, n'kufika pamsewu waukulu wa tala. Pagalimoto, nyimbo imodzi ya pawailesi sinkatha tisanafike.

Tisanapite patali, azakhali anaika dzanja paphewa panga.

"Ndiwe wamfupi bwino," anatero. "Ngati ndodo."

Dzanjalo linali lolemera, ndipo zala zinkandifinya tikafika pokumbika. Ndinayamba kuchepetsa liwiro pa mwala uliwonse. Abambo anali patsogolo, manja kumbuyo, akuyenda ngati munthu amene akufuna kuti ulendo uthe anthu asanamuone.

Titafika pamjigo amayi anaima.

"Alamu, ine ndibwerere pano, ndasiya nyemba pamoto. Muyende bwino. Mukapereke moni kwa onse."

Pamoto panalibe nyemba. Koma kuperekeza kuli ndi malamulo ake. Amene ali patali ndi nkhani amabwerera msanga, kuti amene ali pafupi nayo atsale okha. Ine ndinapitirira chifukwa cha chikwama, ndiponso chifukwa mwana wosalankhula anthu amaiwala kuti ali ndi makutu.

Patsogolo pang'ono, mtengo wa magetsi unagwetsa chithunzithunzi chake chopingasa njira. Azakhali anaima. Anakweza mwendo m'mwamba, n'kuchidumpha mosamala ngati ngalande. Nthawi imeneyo abambo anali atatembenuka kuti atiuze tifulumire. Anaona.

Kuyambira pamenepo anasiya kutsogola. Anabwera kudzayenda kumbali ina ya azakhali.

Kumsika wa kaunjika kunali anthu ambiri, poti linali Loweruka ndipo alimi agulitsa fodya. Mnyamata wina anapachika diresi lofiira pamsomali, mphepo n'kumaligwedeza. Azakhali, amene sadutsa munthu osapereka moni, anawerama pang'ono.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Wogulitsayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Amayi amenewo sayankha, agogo! Koma mukawakonda nditha kukutsitsirani mtengo, mupite nawo!"

Anzake anaseka nawo. Azakhali anasekanso, mokweza kuposa onse. "Ndimayesa ndi akazi ako, poti aima mwaulemu kuposa iwe!" Msika wonse unagwa nacho chiseko, ndipo mnyamatayo anakweza manja kugonja. Koma zala za paphewa panga zinandifinya kwambiri.

Abambo sanaseke.

Ndiye tinafika patala. Amene mumayenda wapansi pa Boma pano mukudziwa mmene pamakhalira nyengo ino. Malole odzaza mabelo a fodya, maminibasi oima paliponse, njinga zamoto, akabaza, ngolo, ndipo ife oyenda timapatsidwa kamzere ka dothi pakati pa tala ndi ngalande. Lole ikamadutsa mumachita kusankha: fumbi kapena dzenje.

Tinaima kuti tiwoloke. Kumanja kunkabwera lole, mabelo atasanjikizana mpaka pamwamba. Azakhali anamva kabaza akuimba belu kumbuyo kwawo, ndipo pofuna kumupatsa njira anaponda patala, kumene kunkachokera lole.

Abambo anawagwira mkono n'kuwakokera kumbuyo mwamphamvu, mpaka mpango unagwa. Lole inadutsa ikuliza hutala, mphepo yake n'kutimenya kumaso.

Ndinatola mpango, ndinaukung'untha, n'kuwapatsa. Pafupi panali mtengo wa mthethe ndi kakhoma ka simenti. Abambo anawakhazika pamenepo, iwo n'kunjuta patsogolo pawo, thalauza la kuntchito lili m'fumbi, anthu akudutsa n'kumawayang'ana.

"Achemwali," anatero, "lole yonse ija simunaione?"

Azakhali anamanga mpango pang'onopang'ono. Anatsokomola.

"Komatu chimene ndinabwerera, adumbu..."

Ananena zonse, nkhope atalozetsa kumsewu. Zinayamba chaka chatha ndi diso lakumanzere, ngati nkhungu ya m'mawa imene sikuchoka. Chaka chino lakumanja layambanso. Dzuwa likawala kwambiri saona nkhope ya munthu, amangozindikira mawu. Fodya wa chaka chino anasankha ndi manja, kumvera kukhuthala kwa tsamba, koma manja saona mtundu. Mabelo awo anabwezedwa kuokushoni, ati fodya ndi wosakaniza.

"Ine, aNaphiri, fodya wosakaniza! Ndinauza anthu kuti ndi ana aganyu anasokoneza. Ndinanamizira ana a eni."

"Bwanji simunanene kale?"

"Ndinabwera chaka chatha, mwezi ngati uno. Mwaiwala?"

"Munabwera kudzationa."

"Ndinabwera kudzanena. Ndinati ndinena poperekeza. Munandikweza m'galimoto, munatsegula wailesi, kunali mpira. Foni inalira, munayankha. Ndikuti nditsokomole, ndinangomva kondakitala watsegula chitseko, chikwama changa chili kale m'manja mwake. Inu munati, 'Muyende bwino, achemwali,' injini osazimitsa."

Abambo anagwetsa nkhope. Ine ndinakumbukira tsiku limenelo. Ndinali pampando wa kumbuyo, ndikudya chimanga chootcha.

"Ndiye lero," anapitiriza azakhali, "nditamva kuti yatuluka pang'ono, ndinati basi, adumbu atopa nafe. Aibisa kwa anzawo kuti ife a kumudzi tisamawavutitse ndi matenda athu. Ndinati ndingomwa tiyi ndizipita."

"Kuibisa?" Abambo anadzutsa mutu. "Achemwali, galimoto ndinagulitsa. Kalekale. Ndinkachita manyazi kukuuzani."

Azakhali anayamba kuseka, kuseka kwenikweni tsopano, mpaka misozi.

"Mwagulitsa chiphakasa chija? Chimene tinkachita kukankha pa maliro a amayi, ife ofedwa?"

"Chomwecho."

"Mulungu ngwabwino. Wogulayo ndiye tikamupepese." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Iwe Yohane, ndinakubereka kumsana ine, kupita nawe kudimba. Unali ndi galimoto nthawi imeneyo?"

Sindinamvepo munthu akuitana abambo ndi dzina lawo, ndiponso ndi "iwe". Ndinayang'ana kumbali ngati ndikuwerenga chikwangwani.

"Lolemba tipita kuchipatala," anatero abambo. "Zimenezi zikumveka ngati ng'ala. Amachotsa. Mkulu wina wa kumpingo kwathu anamuchotsa, pano akuwerenga yekha Baibulo."

"Ayi, ayi. Kwathu amati amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi."

"Ndani ananena zimenezo?"

"Anthu."

"Munamuonapo munthu wa diso la mbuzi?"

"Ndimuona bwanji, poti sindikuona?"

Apa ngakhale abambo analephera kudzigwira. Koma azakhali anasiya kuseka msanga. Anafunafuna dzanja la abambo m'malere mpaka analipeza.

"Ndikuopa, adumbu. Pachipatala pali makomo ambiri, ndipo amalemba zinthu pamakoma. Ndikalowa ndekha ndikasochera, ana akandiseka. Sindimafuna galimoto ine. Ndimafuna munthu wolowa naye."

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusukulu tinauloweza mwambi umenewu kuti tikhoze mayeso. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzaumvetsa tanthauzo lake, nditaima pambali pa msewu ndi chikwama cha eni.

Tinawolokabe msewu, abambo atawagwira mkono, chifukwa azakhali anaumirira kuti kwawo kuli nkhuku, kuli fodya wotsala, ndipo sanatsanzike kuti akagona. Kudepoti oitanira anatithamangira. Mmodzi anandilanda chikwama ndisanayankhe.

"Simlemba! Simlemba! Mpando umodzi, mayi, tikunyamuka pompano!"

Abambo anatambasula dzanja n'kuchigwira chikwamacho.

"Bweretsa. Sakupita."

"Aa, bwana, ndiye mwabwera kudzatani kudepoti? Kudzaona minibasi?"

"Tinabwera kudzaperekeza."

"Ndiye mlendo wake ndi uti?"

"Wasintha maganizo," anatero azakhali okha. "Kapena ukufuna undikweze mokakamiza, ndikakusumire kwa amako?"

Anapereka uthenga wa nkhuku kwa mayi wina wa kwawo amene anali kale m'minibasimo, amene anamuzindikira ndi mawu. Ndipo tinabwerera njira yomweyo, pang'onopang'ono kuposa poyamba. Titafika, tinapeza amayi atayala kale pabedi la Lonjezo.

Lolemba ine ndinali kusukulu, ndiye za kuchipatala ndinachita kumva. Abambo anapempha m'mawa umodzi kuntchito. Anayenda atatu ndi amayi, azakhali pakati. Adokotala anayang'ana ndi kanyali n'kunena kuti ndi ng'aladi, maso onse awiri, ndipo ichotsedwa limodzi limodzi, kuyamba ndi lakumanzere. Anawapatsa tsiku. Amayi akuti azakhali anafunsabe za mbuzi, ndipo adokotalawo anayankha kuti mbuzi zonse za pa Kasungu zili ndi maso ake awiriawiri, akhoza kukawerenga okha akachira.

Pamene ndikulemba izi azakhali ali nafe. Mantha sanathe. Dzulo ndinawapeza pakhonde atatseka diso limodzi ndi chikhatho, kenako linalo, ngati akuyeza chimene chatsala. Ndinakhala pambali pawo osalankhula, poti ndicho ndimachidziwa bwino.

Sindikunena kuti galimoto ndi yoipa. Tsiku la opaleshoni munthu womangidwa diso sangayende m'mbali mwa malole aja, ndipo abambo apempha kale thandizo kwa a Jafali, ulendo uno mosabisa chilichonse. Pali masiku amene galimoto imapulumutsa moyo, ndipo pali masiku amene ndimaisowa mpaka kufuna kulira, makamaka kukagwa mvula. Amene muli nayo, isamaleni. Mukatipeza panjira, chepetsani liwiro, fumbi lanu timadya ndife. Ndipo amene mumakonza misewu ya tauni ino, tsiku lina mudzayese kuyenda kuchokera kumsika kukafika kuchipatala mutagwira mkono wa munthu wosaona bwino. Mudzatiuze ngati kamzere kadothi kaja kakukwanirani awiri.

Koma pali china chimene ndikufuna tiganizire tonse, a galimoto ndi apansi omwe. Masiku ano ngakhale opanda galimoto aphunzira kutaya alendo. Timaima pachipata, timakodola kabaza, timamukweza mlendo, n'kubwerera kukaonera filimu. Timati tamuchitira ulemu, sanatope. Mlendo uja amapita ndi shuga, ndi sopo, ndi moni wa kwa onse, ndiponso ndi mawu amene anabwera nawo, osamasula.

Azakhali anga anasenza mawu awo chaka chathunthu, maso akuzima, chifukwa choti njira ya kudepoti inafupika.

Inu mlendo wanu womaliza munamusiya pati? Pachipata, padepoti, kapena pamene anamaliza kulankhula?